Lachitatu: mabiti 255 pa bolodi la FPGA

Tsiku la lero lathera pa gawo limodzi la makina amene tikukonza, gawo lochulukitsa manambala a Curve25519, njira yotetezera mauthenga imene Daniel Bernstein anaifalitsa mu 2006. Pafupifupi nthawi yonse imene chipu chimathera popanga kiyi (nambala yotsekera ndi kutsegulira mauthenga) imapita pa kuchulukitsa, choncho gawoli likachedwa ndiye kuti makina onse achedwa.

M'mawa tinayamba ndi kudula manambala. Zochulukitsira za DSP48E1 zimene zili mu FPGA (chipu chimene tingathe kusintha malumikizidwe a m'kati mwake) ya kampani ya Xilinx zimalandira mabiti (biti ndi ziro kapena 1 m'nambala ya kompyuta) 25 mbali imodzi ndi 18 mbali inayo, koma biti imodzi imasonyeza ngati nambala ili pansi pa ziro, kotero kuti pa 18 aja otsala ogwiritsa ntchito ndi 17. Mwamwayi, 255 ndi 15 kuchulukitsa ndi 17. Nambala iliyonse taidula m'zidutswa 15 zofanana, ndipo kuchulukitsa manambala awiri kukufuna timachulukitso 225 timene tikutigawira zochulukitsira zingapo kuti zigwire pamodzi.

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi kubweza yankho kuti likwanenso m'mabiti 255. Masamu onse amachitika posunga chotsala chokha tikagawa ndi nambala ya 2^255 − 19, zimene zikutanthauza kuti 2^255 ikulingana ndi 19. Theka lapamwamba la yankho timangolichulukitsa ndi 19 n'kuliphatikiza ku theka lapansi, ndipo poti 19 ndi 16 kuphatikiza 2 kuphatikiza 1, ngakhale chochulukitsira sichifunikira kwenikweni. Nambala wamba ikanafuna njira ngati ya Peter Montgomery ya mu 1985, yomwe ndi yabwino koma imadya malo ambiri pa chipu. Ine ndikuona kuti amene anasankha nambalayi anapeputsa ntchito ya wokonza makina asanayambe n'komwe kulumikiza waya.

Masana panabuka mkangano pang'ono. Mnzanga wina anafuna kuti makina azidumpha kuphatikiza pamene biti ya kiyi yachinsinsi ili ziro, ponena kuti tipulumutsa nthawi. Akulu athu anangomufunsa kuti, "Kodi munthu amene waika chopimira magetsi pa bolodipo muti asaone chiyani?" Paul Kocher anaonetsa mu 1996 kuti kusiyana kwa nthawi imene makina amatenga kumaulula kiyi, ndipo patapita zaka zochepa iye ndi anzake anaonetsanso zomwezo poyeza magetsi amene chipu chikukoka. Tagwirizana kutsatira makwerero a Montgomery, m'mene biti iliyonse, kaya ndi ziro kaya ndi 1, imadutsa masitepe omwewo.

Chatsala ndi kugawa kumene kumachitika kamodzi kokha kumapeto. Sitimanga chogawira chapadera, koma tigwiritsa ntchito lamulo la Fermat, limene limasandutsa kugawa kukhala kuchulukitsa kobwerezabwereza, pa chochulukitsira chomwechi, zimene zikufuna kuchulukitsa nambala ndi iyo yomwe ka 254 ndi kuchulukitsa kwina ka 11. Mawa ndiyamba kulemba dongosolo la masitepe amenewo.