Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Makala ndi mapepala a simenti

Zikomo nonse amene munayankhapo pa gawo lapitali, makamaka achemwali a ku Luchenza amene munati nkhani ya maliro a bambo inakulizani. Ambiri mwafunsa kuti zojambulazi ndinaziyamba bwanji. Nayi nkhani yake.

Mukukumbuka kuti bambo atamwalira ndinakakhala ku Likhubula kwa amalume, osema timabokosi ta mkungudza aja. Fizi itasowa, ndinayamba kunyamula zikwama za alendo okwera phiri la Mulanje. Tikafika pa kanyumba kogona ka Chambe, alendo ankapuma, anzanga n'kumaphika, ine ndinkatola khala pamoto n'kukakhala panja moyang'anizana ndi thanthwe lalikulu la Chambe. Pepala linali la thumba la simenti, lam'kati lopanda fumbi. Chambe ndi wovuta kumujambula. M'mawa amatuwa, dzuwa likapendeka amafiira, ndipo chiperoni akangolowa kuchokera ku Mozambique, phiri lonse zii, watsala ndi chifunga chokha. Chifungacho ndinaphunzira kuchionetsa pofufuta makala ndi chala.

Zonse ndinkazisunga pansi pa mphasa. Tsiku lina nditatsika kuphiri, mapewa akuwawa, ndinapeza akazi a amalume akukolezera moto. Nkhuni zinali zonyowa, ndiye anatenga mapepala anga. Ndinaima pakhomo pa khitchini. Pamafuwa panali Sapitwa wanga, amene ndinamujambula ndili pa kanyumba kogona ka Chisepo, zala zitauma ndi kuzizira, akupindika pang'onopang'ono kuyambira m'mphepete. Nsonga yake ndi imene inapsa pomaliza. Pansi pa mphasa ndinapezapo kachidutswa kamodzi, ka mtsinje wopanda phiri. Amalume anali pakhonde akupala bokosi, osadzutsa ndi mutu womwe. Anangoti, "Mphwanga, mapepala sadyedwa." Nsima yophikidwa pamoto umenewo ndinaidya, chifukwa njala inalipo, koma mbamu iliyonse inkaima pakhosi.

Zaka za ku Blantyre ndi ukwati woyamba tizidumphe. Penti ndi maburashi ndinagula kumeneko.

Tsono inu achimwene amene munalemba kuti zithunzi zanga zikuthamangitsa alendo poti ndimaikamo zitsa ndi zipsera, tamverani. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo mu 2025 UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, koma kwerani ku Chambe mukawerenge mikungudza ikuluikulu yomwe yatsala. Mizere yoyera yotsika m'matanthwe ija si ine ndinaipeka, ndi mmene munadutsa zigumukire za namondwe Freddy mu Malichi 2023. Wofuna Mulanje wosalala, wa tiyi wobiriwira kutsogolo ndi mitambo iwiri pamwamba, makalendala alipo ambiri. Ine ndinakulira pa ndalama ya mkungudza womwewo, choncho zitsazo sindingazibise.

Gawo likubwerali ndikuuzani za tsiku limene amalume anamva mtengo umene ndinagulitsira chithunzi cha Dziwe la Nkhalamba, n'kulawira kwanga ndi nkhuku m'manja.