Ku Astakos, kumene chakudya cha nsomba chimayamba chadyetsedwa

Basi yochokera ku Athens kupita ku Astakos, tawuni ya m'mphepete mwa nyanja ku Greece, inatenga pafupifupi theka la tsiku. Titawoloka mlatho wa Rio–Antirrio, womwe unatsegulidwa mu 2004, tinadutsa chakufupi ndi Messolonghi, kenako msewu unayamba kukhotakhota m'mapiri. Ine tulo tinandiba. Nditadzidzimuka ndinangoona nyanja ya Ionian ili phee, pamwamba pake pakuyandama makheji ozungulira. M'makheji amenewo ndi mmene Agiriki amawetera tsipoura ndi lavraki, nsomba ziwiri za m'nyanja yamchere zimene dziko la Greece ndi la Turkey amagulitsa kwambiri ku Ulaya.

Mtima wanga unali pa makhejiwo, koma mayi amene anandilandira mmawa wotsatira anandilowetsa kaye m'nyumba yoswetsera mazira. Tinaponda mankhwala pakhomo, tinasamba m'manja, ndipo chipinda choyamba chinalibe nsomba ngakhale imodzi. Munali matanki a madzi obiriwira ndi ena ofiirira. Ndinakhumudwa pang'ono, kunena zoona.

Anatunga kadontho n'kukaika pa maikulosikopu. Apo ndiye ndinaona tamoyo tambirimbiri tikuzungulira, totchedwa rotifer. Kamwana ka tsipoura kamaswa kali kotalika mamilimita atatu okha, ndipo kukamwa kwake sikungalowe chakudya chouma. Kamayamba ndi ma rotifer, pakapita milungu ingapo kamasamukira ku Artemia, tizilombo timene mazira ake ambiri amachokera ku Great Salt Lake, nyanja yamchere ya ku Utah, ku America. Vuto ndi loti tizilombo tonseti sitikhala ndi mafuta oyenera okwanira. Choncho antchito amayamba atidyetsa mafuta apadera kwa maola angapo, mimba zikadzaza n'kutithira m'thanki ya nsomba. Akachedwa, kachilomboko kamagaya mafutawo kokha, nsomba n'kumeza chikhungwa chabe.

Mafuta ake si aliwonse ayi. Ofunika ndi DHA ndi EPA, a m'gulu la omega-3. Nsomba zambiri za m'madzi opanda mchere zimatha kudzipangira mafuta amenewa kuchokera ku mafuta a zomera, koma za m'nyanja yamchere zodya nsomba zinzake mphamvu imeneyo zili nayo yochepa kwambiri, poti kuchilengedwe zimawapeza okonzeka kale m'zimene zimadya. DHA ndiye amamanga maso ndi ubongo. Kansomba kosaona bwino sikangagwire chakudya, ndipo kamafa ndi njala chakudyacho chikukazungulira.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi kachipangizo koyandama kamene kamapemerera mpweya pamwamba pa thanki. Mafuta omwewo amene amapulumutsa tiana ta nsomba amatha kuyala kachikopa pamwamba pa madzi. M'masiku oyambirira kansomba kayenera kukwera n'kumeza mpweya wodzaza kathumba kake koyandamira. Kachikopako kakatsekereza, kathumba sikafufuma, ndipo msana umadzapindika kakamakula. Mayi aja anandionetsa zingapo zopindika zimene anazipatula. Sindinazijambule.

Masana tinalowa mosungira chakudya chouma, ndipo ine ndinayamba kuwerenga zolembedwa pa matumba ngati mwana wa sukulu. Cha tiana tongoleka kumene Artemia chinali ndi zomanga thupi zopitirira 50 peresenti. Nsomba ikamakula chiwerengerochi chimatsika kufika chapakati pa 40 ndi 45, pamene mafuta amakwera kuyandikira 20 peresenti. Chifukwa chake n'chomveka. Nsombazi sizigwiritsa bwino ntchito sitachi, ndiye zikasowa mphamvu zimawotcha zomanga thupi, zomwe ndiye zodula kwambiri m'thumba lonselo, n'kutulutsa amoniya wowononga madzi. Galamu imodzi ya mafuta imapereka mphamvu pafupifupi kawiri ya galamu ya zomanga thupi. Mukaika mafuta okwanira, zomanga thupi zimapita ku mnofu. Mukapyola muyeso, nsomba imakhuta msanga isanadye zomanga thupi zokwanira, mafuta n'kuunjikana m'chiwindi ndi m'matumbo. Wogula amalipira kulemera kumene adzataye potumbula.

Ndinafunsa mayi aja za soya, poti ufa wa nsomba ndi wodula, ndipo mu 2023 dziko la Peru linaimitsa nyengo yoyamba yopha anchoveta, tinsomba topangira ufawo, chifukwa cha El Niño. Anagwedeza mutu, nanena kuti zikuluzikulu za m'makheji zimalandira soya ndi mafuta a zomera bola awonjezere methionine, kachigawo ka zomanga thupi komwe kamachepa m'soyamo, koma kwa tating'ono sayerekeza kuchepetsa kwambiri za m'nyanja.

Makheji ndinakafikako madzulo, paboti laling'ono, titanyamula matumba awiri. Mnyamata wina anamwaza chakudya ndi kafosholo, madzi n'kuwira ngati mumphika. Nsomba zimenezo zinalowa mmenemo zikulemera magalamu ochepa chabe, ndipo zimatha chaka ndi miyezi ingapo zisanafike magalamu 400. Pobwerera mphepo inakula, ndinafika kumtunda nditanyowa thupi lonse, malaya akununkha ufa wa nsomba mpaka ku Athens.