Zimene ndikuphunzira pamiyala tisanapite ku Sapitwa

Gulu lathu la achinyamata a kutchalitchi linapangana kuti chilimwe chino tikakwere Sapitwa, nsonga yaitali kuposa zonse paphiri la Mulanje ku Malawi, ya mamita 3,002. Ine anandipatsa ntchito yofufuza za chitetezo. Ndiye chikatireni mvula ndakhala ndikuwerenga usiku, Loweruka n'kumakayeserera pamiyala ya m'mapiri otizungulira kuno ku Chipata. Ndikulemba pano kuti ndione pamene ndamvetsadi ndi pamene ndikungobwereza za ena.

Ambiri a ife tinakwerapo Kanjala, ena kukapemphera, ena kukajambula tauni ili m'munsi, ndipo timadziwa kuti phiri limafuna mpweya ndi miyendo. Koma njira ya ku Sapitwa si yongoyenda. Kuchokera panyumba ya Chisepo, pamene ambiri amagona asanakwere nsongayo, munthu amadutsa pamatanthwe otsetsereka ndi pakati pa zimiyala zikuluzikulu, pena kuchita kukwawa m'mipata, manja akugwira ntchito limodzi ndi mapazi. Chokusunga pamenepo ndi kaimidwe kako.

Kaimidweko ndinakamvetsa chifukwa cha amalume, amene anakulira ku Katete m'tsinde mwa mapiri a Mphangwe akuweta mbuzi. Tsiku lina ananditengera pathanthwe lalifupi, loti ngakhale utaterereka ungofikira paudzu, n'kundiuza kuti ndikwere. Nditafika pakati, thupi linadziphatika lokha kumwala, chifuwa pansi, manja akufufuza chogwira, zidendene zili njenjenje. Iwo ali m'munsi anangoti, "Iwe mphwanga, imirira. Mwalawo si amako kuti uziukumbatira." Ndinati, "Malume, ndikaimirira ndigwa chagada." Anati, "Yesa kaye, uone nsapatozo." Nditachotsa mimba pamwala n'kubweza chiuno pamwamba pa mapazi, nsapato zimene zinkakhwekhwereka zija zinagwira kuti gwa.

Nditabwerera kunyumba ndinakapeza chifukwa chake m'buku la sayansi la kusekondale. Nsapato imagwira mwala molingana ndi kulemera kumene kukuipanikiza pamwalapo. Ukatsamira kuthanthwe, kulemera kwina kumachoka kumapazi, ndipo kotsalako kumakankha mapazi cham'mbuyo, kumene kuli phompho. Ukaimirira, thupi lonse limapondereza mphira wa nsapato. Apa ndi pamene pandizunguza mutu kwambiri m'maphunziro onsewa: chimene mantha amakuuza kuti uchite ndi chomwecho chimene chimakugwetsa. Kuwerenga kokha sikungachotse zimenezi. Miyendo iyenera kuzolowera pamwala waufupi, mobwerezabwereza, mpaka isiye kukangana ndi mutu.

Zina zinabwera mosavuta pambuyo pake. Pamalo ovuta, mwa manja awiri ndi mapazi awiri, zitatu zikhale zitagwira pamene chimodzi chikusuntha. Mapazi aziponda pafupipafupi, osatanyula, chifukwa ukatanyula sungathe kubweza mwendo. Bondo lisapondere pamwala. Chogwira chilichonse uyambe wachigogoda ndi chikhatho. Mwala wosweka umamveka phwaphwa, ndipo wotero ndi wousiya. Tsinde la udzu ndi kamtengo komera mumng'alu sizodalirika, mizu yake ndi yosazama. Komanso kuno kwathu dzanja silipisidwa m'mng'alu maso asanaonemo, poti mumakhala njoka, zinkhanira, pena njuchi. Pathanthwe pamene padera ndi madzi kapena pamera ndere, lambalala.

Koma phunziro limene ndikufuna anzanga alitenge kuposa onse ndi la kutsika. Pokwera, maso amaona pogwira ponse chifukwa pali patsogolo pako. Potsika, poponda pabisika kunsi kwa thupi lako lomwe, miyendo yatopa, ndipo mtima wayamba kale kuganiza za nsima. Amalume ali ndi lamulo limene amandikumbutsa nthawi zonse: usanakwere mwala, dzifunse ngati ungautsike. Ndiye masiku ano ndikakwera mapazi atatu, ndimatsika atatuwo ndisanapitirire. Pamene patsetsereka pang'ono ndimatsika nditayang'ana kutsogolo, mawondo atapinda, manja ali m'mbali. Pamene paima kwambiri ndimatembenuka kuyang'ana mwala, n'kusuzumira pansi pa mkono kuti ndione popondapo phazi lisanapite. Kutsetsereka ndi matako kumaoneka ngati kosavuta, koma chikwama chikakhudza mwala kumbuyo chimakukankhira kutsogolo, ndipo ukayamba kuthamanga palibe choimitsira. Ndimatembenukanso kawirikawiri pokwera kuti ndione mmene njira ikuonekera kwa munthu wobwerera, chifukwa mwala umodzimodzi suoneka chimodzimodzi mbali ziwiri.

Za nyengo ndinaziwerenga mtima uli m'mwamba. Ife a ku Chipata timaopa dzuwa ndi ludzu, kuzizira sitikuwerengera kwenikweni. Komatu pa mamita 1,000 alionse amene wakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5, ndipo Sapitwa yaposa tauni yathu ndi mamita oyandikira 2,000. Onjezani mphepo, ndi chiperoni, nkhungu yozizira ya mvula yowaza imene imakuta Mulanje m'miyezi yachisanu, mwina mosachenjeza. Ikafika, thanthwe limaterera ndipo zizindikiro za njira zimasowa. Mu July 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anasiya womuperekeza n'kupitirira yekha kunsonga imeneyi. Nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patapita masabata. Chinamupha ndi kuzizira. Nkhaniyi inandikhudza chifukwa anali wamphamvu, wozolowera maulendo, wamsinkhu ngati wathu womwewu. Ndaphunzira zizindikiro zake kuti ndiziziona mwa mnzanga: kunjenjemera kosalekeza, kupunthwapunthwa, lilime kulemera, kuyankha zosagwirizana. Wotero sangadziweruze yekha, tiyenera kumuveka zouma, kumutchinga kumphepo, kumupatsa chakudya. N'chifukwa chake m'chikwama cha aliyense mudzakhala juzi, jekete yamvula, tochi, madzi osachepera malita awiri, ndi mtedza kapena mbatata. Jinzi ndi malaya a thonje zikanyowa zimachedwa kuuma, choncho tidzazisiya.

Mphenzi nayo ili ndi masamu ake. Mkokomo wa bingu umayenda kilomita imodzi pa masekondi pafupifupi atatu, ndiye ukaona kung'anima n'kumva kugunda masekondi 30 asanathe, yayandikira mokwanira kuti uchoke pansonga ndi pamsana pa phiri. Kubisala pansi pa mtengo woima wokha kapena m'kaphanga kosazama si chitetezo. Izi zikutikhudzanso kuno, makamaka amene amakagona kuphiri kukapemphera mvula zoyamba za Novembala zitayamba.

Chimene chikundivutabe ndi gulu. Munthu mmodzi angaphunzire kuima pamwala, koma anthu khumi pamodzi amayamba mpikisano osadziwa. Takambirana kale zingapo. Pamalo otsetsereka sitidzaima wina pansi pa mnzake, ndipo mwala ukagumuka wougumulayo akuwe kuti "Mwala!" pompo, osachita manyazi. Woyenda pang'onopang'ono ndiye adzakhala pafupi ndi kutsogolo. Tidzatenga wotiperekeza wa komweko ndipo akati tibwerere, tibwerera. Tidzagwirizana ola lotembenukira tisananyamuke pa Chisepo, poti m'miyezi imeneyo dzuwa limalowa 18 koloko isanakwane, ndipo kutsika miyala imeneyo mumdima sindikufunira aliyense. Mfundo imeneyi inavuta. Mnzathu wina anati, "Ndiye tiwononge ndalama zonsezo, tidutse Mwami, Lilongwe, Blantyre, n'kubwerera nsonga tikuiona?" Funso lake ndi lomveka, ndalama za ulendowu tikuchita kusonkha movutikira. Koma ndinamuuza kuti chifukwa chomwecho ndi chimene tiyenera kuikira ola tikadali kuno, mitu ili bwino, chifukwa kumtunda kuja aliyense adzakhala akuwerengera ndalama zake m'malo mowerenga mitambo. Sanavomere ndi mtima wonse, ndipo tidzakambirananso.

Loweruka likubwerali tikupita tonse kuthanthwe lalifupi lija, aliyense atasenza chikwama chodzaza monga adzachitire ku Mulanje, atavala nsapato zomwe adzakwerere. Tikayamba ndi kutsika. Amalume avomera kubwera, ndipo ati amene adzafike ndi patapata adzakhala pansi kulondera madzi.