Luso la kompyuta likamaoneka ngati nzeru

M'chigawo chino cha maphunziro athu a uphunzitsi takhala tikukambirana za kusiyana kwa mwayi wogwiritsa ntchito intaneti ndi makompyuta, ndipo mfundo yomwe yandikhala m'maganizo ndi yakuti kusiyana kumeneku kukafika m'kalasi, anthu amakutenga ngati kusiyana kwa nzeru. Ophunzira awiri akhoza kulowa sukulu yaukachenjede atakhoza mofanana mayeso a MSCE, koma wina n'kukhala wochokera kusekondale yogonera komwe anaphunzira Computer Studies m'chipinda chodzaza makompyuta, pamene mnzake wachokera kusekondale yoyendera ya kumudzi komwe phunziro limeneli silikhalapo n'komwe. Mphunzitsi akanena kuti ntchito ibwere yotayipa ndipo itumizidwe pa intaneti, woyambayo amayamba kuganizira za funso lenilenilo. Wachiwiriyo amalemba kaye pamanja, kenako n'kufunafuna womutayipira pa mtengo, kapena kuchezera usiku akusaka zilembo ndi chala chimodzi. Malikisi akatuluka, sasonyeza kuti wina anathera nthawi yake pa chiyani.

Gwero la zimenezi ndi magetsi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti dziko lino linali ndi anthu pafupifupi 17.5 miliyoni, kuti oposa 80 mwa 100 alionse amakhala kumudzi, ndiponso kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 ndiwo ankaunikira magetsi. Kumene kulibe waya wa ESCOM, sukulu ikapatsidwa makompyuta amangokhala m'makatoni, ndipo ngakhale kutchaja foni kumalira ndalama pamsika. A m'tauni nawonso anaona kuti magetsiwo sadalirika pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022.

Nthawi ya COVID-19 inaonetsa poyera zomwe zinalipo kale. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020, Unduna wa Zamaphunziro unaika maphunziro a sekondale pa intaneti, ndipo a pulayimale ankaulutsidwa pa wailesi. Maganizowo anali abwino, koma mwana wa kumudzi yemwe pakhomo pawo pali foni imodzi ya mabatani, yomwenso bambo amayenda nayo, anangodikira mpaka sukulu zinayamba kutsegulidwa mu Seputembala.

Chimene ndachiganizira kwambiri, komabe, ndi mtundu wa intaneti yomwe ambiri a ife timaidziwa. Mabandulo a WhatsApp ndi Facebook ndi otsikirapo mtengo kusiyana ndi bandulo yotsegula chilichonse, choncho wachinyamata wosowa ndalama amagula yotchipayo, ndipo m'kupita kwa nthawi intaneti yonse kwa iye imakhala mauthenga ndi zithunzi za anzake. Munthu wotere amaoneka wodziwa zamakono, chifukwa zala zake zimathamanga pa foni, koma sanayesepo kufufuza nkhani ya akatswiri, kusiyanitsa tsamba lodalirika ndi lamabodza, kusunga zolemba zake mwadongosolo kapena kukonza ziwerengero m'pulogalamu ya pakompyuta ya Excel. Anthu oona za chitukuko akamawerenga kuchuluka kwa mafoni m'dziko, iyeyu amamuika m'gulu la olumikizidwa, pamene luso lomwe olemba ntchito amafuna sanalipeze. Mtengonso sunamukomere mtima: boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa intaneti mu 2015, ndipo kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale laputopu yakalekale inakhala chinthu chosafikirika kwa mabanja ambiri.

Sindikunena kuti palibe chomwe chikuchitika. Lamulo la zamauthenga la 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund pansi pa MACRA, bungwe loyang'anira zamauthenga, kuti lithandize kufikitsa netiweki kumadera omwe makampani saonako phindu, ndipo ndondomeko ya boma yotchedwa BEFIT ikupereka matabuleti otchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Matabuletiwo cholinga chake n'kuphunzitsa kuwerenga ndi masamu, ndipo ndi ntchito yoyamikika, koma mwana ameneyo akadzasankhidwira kusekondale yoyendera, adzakhala zaka zinayi osakhudza kompyuta ngati zinthu sizisintha kumeneko.

M'kuona kwanga, sukulu zaukachenjede ndi makoleji sayenera kudikira kuti masekondale akonzeke. Masabata oyambirira a chaka choyamba akhoza kupatulidwa kuti wophunzira aliyense akhale pa kompyuta ndi womuthandiza pambali, osati kungomvera mphunzitsi akufotokoza zigawo za kompyuta pa bolodi. Ifenso amene tikukonzekera kukaphunzitsa tiyenera kufunsa, tisanapereke ntchito yofuna intaneti, kuti ndi angati m'kalasimo omwe ali ndi poichitira, ndipo tilole ntchito yolembedwa pamanja kumene chomwe tikuyesa ndi kuganiza kwa mwanayo.