Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 11: Kusiya choko, kulowa m'fakitale

Gawo lapitalo ndinalekezera pamene ndinamaliza maphunziro a uphunzitsi wa sayansi ku Chancellor College ku Zomba, boma n'kunditumiza kusukulu ina ya sekondale yoyendera kufupi ndi Lizulu, m'boma la Ntcheu. Kwathu ku Bembeke anakondwa poti sikutali, ukakwera minibasi pa M1 m'mawa nsima ya masana ukadyera kwanu. Lero ndifotokoza za pasukulupo ndi mmene ndinachokerapo, pakuti ambiri amadabwa kuti mphunzitsi wa chemistry anapezeka bwanji akuyang'anira za chilengedwe pakampani.

Sukuluyo inalibe labotale. Tinali ndi kabati imodzi ya chitsulo mu ofesi ya ahedi, mmene munali mabotolo amene anabwera kalekale ngati thandizo, ena maina atafufutika, ena zivindikiro zitadyeka. Mabotolo opanda maina ndiwo ankandisowetsa mtendere. Kuwagwiritsa ntchito sikukanatheka poti sindinkadziwa kuti muli chiyani. Kuwathira m'chimbudzi ndiye ayi, madzi apansi ndi omwewo amene mjigo wa sukulu umapopa. Galimoto yodzatenga zinyalala za mtundu umenewu kunalibe. Choncho ankangokhala mommo.

Koma ana amene ndinkawaphunzitsa sanali alendo ku mankhwala. Aliyense amene anadutsapo pa Lizulu kapena pamphambano ya ku Tsangano akudziwa milu ya kachewere, kabichi, tomato, anyezi ndi karoti. Kumtunda kuno kumazizira, nkhungu ndi chinyontho zimabweretsa chiwawu, ndiye mlimi amene safuna kulira amapopera Dithane. Mbozi zikavuta, Cypermethrin. M'matumba a chimanga, Actellic. Loweruka mnyamata wa Fomu 2 amakhala atabereka sipuleya, manja ali pamtunda, kukamwa kosaphimba, mankhwala akutakasa ndi kamtengo. Botolo likatha amakalitsuka kumtsinje, kenako mulowa mchere kapena mafuta ophikira. Pamsika tameki wophera makoswe ankagulitsidwa m'timapepala, pafupi ndi ogulitsa usipa. Lolemba mnyamata yemweyo akhala m'kalasi mwanga kuloweza maina a ma element, akuganiza kuti chemistry ndi nkhani ya kunja imene ilibe naye ntchito. Zinkandiwawa kwambiri. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti pamenepa ndi pamene sukulu zathu zimatayira ana ambiri a sayansi.

Green chemistry, kapena kuti chemistry yosawononga chilengedwe, ndinaidziwira pa foni, usiku, ndikufufuza mmene ndingachitire ma practical popanda labotale. Akatswiri awiri a ku America, Paul Anastas ndi John Warner, anayala mfundo zake 12 mu 1998. Yoyamba ndiyo inandigwira mtima: kuli bwino kusapanga zinyalala kusiyana ndi kudzavutika nazo zitapangidwa kale. Zina zimanena za kusankha mankhwala osaopsa, kuchepetsa moto, ndi kupanga zinthu zimene zimaola zikatha ntchito. Warner ndi Amy Cannon anayambitsa bungwe la Beyond Benign mu 2007 kuti lizithandiza aphunzitsi, ndipo maphunziro ake ambiri ali pa intaneti mwaulere. Anzathuwo ankafuna kuchotsa zoopsa m'malabotale odzaza. Ine labotale ndinalibe n'komwe, koma njira zawo zinandikwana.

Ndinayamba ndi chidulo. Mtsikana aliyense m'kalasimo ankadziwa kuwotcha zitsononkho, kuika phulusa m'chitini chobowola pansi, kuthira madzi ndi kutchera amene akudontha kuti aphikire therere. Panalibe amene anawauzapo kuti madzi amenewo ndi alkali, kuti muli potassium carbonate. Choyezera asidi tinkapanga poviika maluwa ofiira a chidede m'madzi otentha. Ukadonthezamo mandimu madziwo amafiira kwambiri, ukadonthezamo chidulo amasanduka obiriwira. M'malo mwa ma test tube tinkagwiritsa ntchito mapaketi otha a mapiritsi, timaenje take tija titatsukidwa bwino, ndipo madontho ochepa ankakwana. Ana ankawerenga madontho a viniga amene akufunika kuti chidulo chithe mphamvu, n'kuona okha kuti chidulo cha banja ili n'chaukali kuposa cha banja lija. Pomaliza zotsala tinkathira kuseri kwa kalasi popanda mantha, ndipo aliyense anagwirako ndi manja ake, osati kungoonerera aphunzitsi patsogolo.

Tsiku lina mnyamata wina wa kumbuyo anakweza dzanja. "Madamu, nanga Dithane uja mvula ikamutsuka pamasamba amapita kuti?"

Funso limeneli linasintha kaphunzitsidwe kanga. Kuyambira pamenepo equation iliyonse imene ndalemba pa bolodi tinkaifunsa kuti chalowa n'chiyani, chimene timafuna chatuluka chochuluka bwanji, nanga chotsala chapita kuti. Mayi amene watumiza chimanga ku chigayo amadziwa kulemera kwa thumba limene lapita, ufa umene wabwera, ndipo amafunsa kuti gaga ali kuti. Ma atomu nawonso amawerengedwa chimodzimodzi. Tinkatenga miyala ya laimu imene amawotcha ku Balaka: pa makilogalamu 100 a mwala weniweni umapeza laimu makilogalamu 56, ndipo 44 amauluka ngati mpweya wa carbon dioxide, ngakhale wowotchayo akhale waluso chotani. Tinkatenga kachasu, poti ku Ntcheu palibe mwana wosadziwa kaphikidwe kake: pa magalamu 180 a glucose, mowa sungapose magalamu 92, ndipo 88 ndi mpweya uja umachita thovu mumgolo. Tinkatenga thumba la Urea la makilogalamu 50, mmene muli nitrogen makilogalamu 23. Ukangomwaza pamwamba osakwirira, ina imauluka ngati ammonia. Apa anyamata ankakhala chete, chifukwa mtengo wa thumbalo ankaudziwa kuposa ine.

Chitsanzo chimene ankachikonda n'cha ibuprofen, piritsi limene ambiri anamwapo. Njira yakale ya kampani ya Boots ya m'ma 1960 inali ndi masitepe 6, ndipo pa ma atomu 100 alionse olowa, polingalira kulemera kwake, pafupifupi 40 okha ndiwo ankafika m'mankhwalawo. Njira ya kampani ya BHC ya kumayambiriro kwa m'ma 1990 inatsitsa masitepe kufika 3, ma atomu ofika m'mankhwala n'kukwera kufika pafupifupi 77. Piritsi ndi lomwelo, zinyalala ndizo zinachepa, ndipo amene anachita zimenezi ndi anthu amene anakhala pansi kuwerenga.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinkalimbana nacho, ndipo ndimalimbana nachobe ndi akuluakulu omwe. Anthu akamva za chemistry yosawononga chilengedwe amaganiza kuti tikunena za zitsamba, kuti chochokera m'tchire chilichonse n'chabwino. Ayi ndithu. Ombwe amapha tizilombo ta m'dimba, koma amaphanso nsomba, ndipo makolo athu ankamusinjira m'maiwe pofuna ndiwo. Komanso ofufuza anapeza kuti mitengo ina ya ombwe m'Malawi muno ilibe mankhwala opha tizilombo aja, ngakhale maso akuona ngati ndi yofanana ndi inzake. Mlimi akhoza kupopera madzi a masamba chabe, mbozi zikudya. Chitsamba nachonso chimafuna kuyezedwa.

Zonsezi sizinkabwera pa mayeso a Fomu 4, choncho ndinkaziphunzitsa mozembera nthawi, silabasi ili kutsogolo. Koma ana amene anazolowera kuwerenga zolowa ndi zotuluka sankaopanso masamu a mole, amene amagwetsa ambiri.

Kenako m'nyuzipepala munatuluka ntchito. Kampani ina yoyenga mafuta ophikira ku Lilongwe inkafuna munthu woyang'anira za chilengedwe ndi chitetezo cha ogwira ntchito. Inali nthawi imene lamulo la Environment Management Act la 2017 linali litadutsa, lomwe linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, ndipo makampani anayamba kuona kuti mafunso a madzi oipa ndi utsi sadzathanso kuwazemba. Ndinalembera.

Pa intavyu abwana ena achikulire anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, inu mwakhala mukugwira choko. Za fakitale mukazidziwira kuti?"

Ndinati, "Bwana, mundionetse zimene zimalowa pageti ndi zimene zimatuluka. Zikapanda kufanana, ntchito yanga ikhala kupeza kumene zinazo zikupita."

Kalata itabwera, amayi sanasangalale. "Mwanawe, ntchito ya boma ili ndi penshoni. Kampani mwini wake akhoza kudzuka mawa n'kutseka." Ahedi nawo anangondifunsa funso limodzi: "Madamu, ana awa chemistry awaphunzitsa ndani?" Nditachoka kalasi yanga anaipatsa aphunzitsi a Agriculture, munthu wakhama koma amene anali kale ndi makalasi ake odzaza. Nkhani imeneyi imandikhalabe pamtima. Dziko limene mphunzitsi wa sayansi amayenera kusiya kalasi kuti alipirire abale ake fizi likudzilanda lokha akatswiri amawa.

Ku fakitale ndinapeza kuti mafunso ndi omwe aja a pa bolodi, kungoti tsopano ndi matani. Mafuta a soya ndi a mpendadzuwa akamayengedwa amathiridwa caustic soda kuti achotse asidi, ndipo pamatsala phala loterera limene kwenikweni ndi sopo wosamalizika. Lambiri linkapita mu ngalande pamodzi ndi madzi, n'kumavutitsa dziwe loyeretsera madzi oipa. Titayamba kulipatula, opanga sopo anayamba kudzagula. Hexane, mankhwala amadzi oyaka msanga amene amatsukira mafuta otsala m'chigumu cha soya, amayenera kubwezedwa n'kugwiritsidwanso ntchito. Amene wathawa pa mfundo za mapaipi ndi ndalama yotayika, komanso ndi moto umene ukungodikira kamoto kamodzi. Boyila inkadya nkhuni pamene makoko a mpendadzuwa anali mulu kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu. Ine wobadwira ku Dedza, amene ndinaona mitengo ya paini ya m'phiri ikutha, malole a nkhuni aja sindinkawaona ngati nkhani ya m'mabuku.

Ndinaphunzira msanga kuti m'chipinda cha mabwana nkhani imamveka ukaiika m'makwacha. Ukanena za mtsinje amakumvera mwaulemu. Ukanena kuti hexane amene watayika mwezi uno akanalipira malipiro a anthu akuti, akauntanti amatulutsa cholembera. Sindiona cholakwika pamenepo, bola mtsinjewo upulumuke. Mapepala nawo ndi ambiri. Pali ISO 14001, muyezo wa mmene kampani imasamalirira chilengedwe, pali malipoti otsata GRI, miyezo yofotokozera mmene kampani imakhudzira chilengedwe ndi anthu, ndipo mu 2023 kunatuluka miyezo ya IFRS S1 ndi S2 imene ikufuna kuti kampani izifotokoza za kusintha kwa nyengo pamodzi ndi malipoti ake a zachuma. Mabanki obwereketsa ndalama ndi ogula akunja amafunsa zimenezi asanasaine.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti makampani ambiri ntchito imeneyi amaipereka ku ofesi yofalitsa mbiri ya kampani. Mvula ikagwa avala malaya ofanana, abzala mitengo, ajambulitsa, nkhani ituluka m'nyuzipepala. Mwezi wa Okutobala palibe amene amabwererako kukawerenga mitengo imene yapulumuka. Pamene madzi akutuluka kuseri kwa fakitale palibe amene akudziwa pH yake, muyezo wa ukali wa asidi kapena alkali, kapena COD yake, muyezo wa kuchuluka kwa zonyansa m'madziwo. Mpando umenewu umafuna munthu wodziwa kuwerenga zotsatira za ku labotale, wolimba mtima kuuza abwana kuti makina aime, komanso wotha kufotokozera mlonda ndi wotsuka matanki m'Chichewa chomveka chifukwa chake sayenera kusuta pafupi ndi hexane. Luso lomalizali ndinalitenga m'kalasi ku Lizulu, ndipo anzanga ena a madigiri akuluakulu limawavuta.

Kwa inu achinyamata a kwathu amene muli Fomu 3 ndi Fomu 4, ntchito zimenezi zikubwera pafupi. Ku Golomoti, m'boma lathu lomwe la Dedza, kuli malo opangira magetsi a dzuwa a 20 MW okhala ndi mabatire akuluakulu, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022. Mabatire ndi mapanelo amakalamba, ndipo padzafunika wodziwa chochita nawo. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015, khoti la Supreme linagwirizana nazo mu 2019, koma wopanga cholongedzera china chotsika mtengo chimene mayi wa tomato pa Lizulu angachikwanitse akufunikabe. Khomo lake ndi chemistry, masamu ndi biology pa MSCE. Kuchokera apo UNIMA, MUBAS, MUST, LUANAR ndi Mzuni zili ndi maphunziro a sayansi, a uinjiniya kapena a zachilengedwe, ndipo olemba ntchito si makampani okha: kuli bungwe loona za miyezo ya katundu la MBS, MEPA, Pesticides Control Board ndi mabungwe ogawa madzi. Amene mtima wanu uli pa choko, pitani ku Domasi kapena ku Nalikule osachita manyazi. Mukafika kusukulu yopanda labotale, yambani ndi phulusa ndi chidede.

Gawo lotsatira ndidzafotokoza za dziwe la madzi oipa lija, usiku umene linasefukira ndi mvula ya mu Januwale, ndi zimene amfumu a mudzi wa kumunsi kwa fakitale anadzatiuza pageti kutacha.