Kansomba kayamba ntchito

M'mawa uno ndasuzumira m'thanki yanga ya madzi amchere ija, mwala wa pakona uli mbee! Ma Aiptasia aja, tizilombo toluma ta m'nyanja tooneka ngati timaluwa tabulauni tomwe takhala tikuwotcha makorali anga (zamoyo za m'nyanja zomera pamiyala), sipanatsale ndi kamodzi komwe. Wagwira ntchitoyi ndi Copperband butterflyfish, kansomba ka mizere ya olenji kokhala ndi mlomo wautali ngati wa choso.

Kunena zoona ndinali nditataya mtima. Masabata atatu kankangozungulira miyala ngati mlendo wamanyazi, Aiptasia osamuyang'ana n'komwe. Ine ndinayesapo kupala ndi mpeni, koma kachidutswa kalikonse kotsala kamamera kukhala katsopano, ndiye ndinangowachulukitsa ngati namasupuni mu Shire. Lero ndavina ndekha pabalaza.

Nkhawa yanga tsopano ndi yoti akatha kazidya chiyani. Kameneka n'kosankha, chakudya chouma kamangochinunkhiza n'kutembenuka, kamafuna tinkhanu ta mysis ta mufiriji, ndipo magetsi a kuno ku Chilomoni mukuwadziwa. Achimwene akuti ndalama zonsezi bwenzi titadyera chambo mwezi wathunthu. Sindinawayankhe.