Denga lodontha mwezi wa Juni

Ndinali ndi zaka 34, ndevu zili tho pachibwano, pamene ndinakodza pamphasa ya apongozi anga ku Dedza.

Wolakwa ndi thobwa. Apongozi anali ataphika lamawere, ndipo mkamwini sabweza chikho. Ndinamwa zikho zinayi. Amene anagonako ku Dedza mu Juni akudziwa kuti chisanu chake chimafinya chikhodzodzo ngati chinkhupule. Chimbudzi chinali kuseri kwa khola, agalu atatu osandidziwa ali pabwalo. Ndinati ndipirira mpaka kuche.

Pakati pa usiku ndinadzuka, ndinatsegula chitseko mwakachetechete, n'kukaima pansi pa mtengo wa pichesi. Mpumulo wake, abale! Ndinangodabwa kuti kunja kukufunda chonchi bwanji. Kufundako kutafika kumsana m'pamene ndinazindikira kuti chitseko chija ndinatsegula kumaloto.

Mkazi wanga anadzidzimuka. "Bambo a mwana, madziwa achokera kuti?"

"Denga likudontha," ndinatero, osaphethira.

Anakhala chete. Kenako ndinamva bulangete likugwedezeka, munthu akuseka chamumtima.

M'mawa anayanika mphasa ija pampanda, poyera penipeni, ndipo amayi ake atafunsa anayankha mokweza dala: "Akuti denga likudontha!"

Apongozi aamuna anatuluka, chipewa kumutu. Anayang'ana kumwamba, kopanda ndi kamtambo komwe, mvula italeka mu Epulo. Anayang'ana denga limene anafolera okha chaka chatha. Mphasayo sanaiyandikire, mphepo inali itawauza kale.

"Mkamwini, mwatithandiza," anatero mwaulemu wonse. "Ngati likudontha mu Juni, nanga mu Januwale tidzathawira kuti? Poti malo odonthawo mwawaona ndinu, mukonze ndinu."

Udzu ndinagula ndi ndalama zanga, mitolo isanu ndi umodzi. Tsiku lonse ndinali padenga, kusasula udzu wabwinobwino n'kuikapo wina, manja atachita matuza, alamu anga ali pansi kufunsana kuti mvula ya m'tauni imagwera m'nyumba mokha kodi. Kamwana kena ka zaka zisanu kanandiyang'ana mwachifundo n'kunena kuti nakonso denga lakwawo linkadontha kale, koma linasiya.

Potsanzikana, apongozi aakazi anapatsa mwana wawo chigubu chodzaza thobwa, maso ali pansi monga mwa mwambo.

"Uwauze amwe momasuka. Paja kwanu nyumba ndi yamalata."